Kachida kamkuwa ka m'galaja ya ku Kensington

Amene timagwira maganyu ochotsa katundu m'nyumba zakale za muno mu Joni timadziwa kuti galaja ndi imene imachedwetsa ntchito. Za m'nyumba eni ake amakhala atanena kale kuti mpando uwu upite uku, kabati iyi ipite uko. Koma m'galaja mumakhala zimene mwini nyumba anasunga kwa zaka makumimakumi osauza munthu chifukwa chake: zitini za misomali yopindika, mabawuti opanda nati, mahinjesi, zingwe, makiyi a zitseko zoti zinachotsedwa kalekale. Mwini wakeyo akamwalira, ana ake, amene ambiri amakhala ku Cape Town kapena kutsidya kwa nyanja, amangoti chotsani zonse. Ndiye ife timasankha mothamanga, chachitsulo apa, chamkuwa apo, chotaya uko, ndipo dzuwa likamapendeka zonse zimakhala zili pa sikelo kwa ogula sikirapu.

Kachida kamene ndikufuna kukamba kanatuluka pa ntchito yotereyi, m'nyumba ina ku Kensington, imodzi mwa nyumba zakale zija za denga la malata, siling'i yachitsulo yodindidwa maluwa, pansi pa matabwa a Oregon pine. Mwini nyumbayo anamwalira atakalamba ndithu. Mwana wake wamkazi, nayenso mayi wa imvi, anatiuza mongodutsa kuti bokosi lamatabwa limene linali kunsi kwa tebulo linali la agogo ake aamuna, amene anali kalipentala pa mgodi, ndipo iye analibe nalo ntchito. Mnzanga atangoona kuti m'bokosimo mukunyezimira chamkuwa anafuna kuchiponya pa mulu wa zokagulitsa. Sindingamunene, chifukwa mkuwa umalipira kuposa chitsulo, ndipo tonse tili ndi lendi kuno komanso ana oyembekezera kumudzi. Ndinamupempha kuti bokosi lonselo, momwe linalili, likhale gawo langa la tsikulo, ndipo anavomera.

Kukula kwake n'kofanana ndi pulayala, kokwana m'dzanja limodzi, koma n'kolemera kuposa mmene kamaonekera. Kali ndi zogwirira ziwiri ndi sipuling'i, moti ukafinya n'kusiya zimabwerera zokha. Chachilendo chili kumutu. Kalibe kamwa lotsegula ndi kutseka. Kali ndi kampata kopapatiza koti mungalowe chinthu chopyapyala ngati lata, ndipo ukafinya zogwirira zija mumatuluka kachitsulo kobulungira n'kukakanikiza mbali ina ya kampatako. Ukapitiriza kufinya, m'kati mwa kachitsulo koyambako mumatulukanso kena kakang'ono kwambiri, kosathwa, n'kukagunda pa kagudumu ka chitsulo cholimba. M'mphepete mwa kagudumuko anasema mopendeketsa, pena kwambiri, pena pang'ono, ndipo analembapo manambala kuyambira 4 mpaka 12. Palinso kasikuluwu komasula ndi zala kuti kagudumuko kazungulire. Tinakapeza kataima pa 8, ndipo pamenepo pokha ndi pamene chitsulo chinali chonyezimira. Kwina konse kunali litsiro lakuda la mafuta ndi fumbi, osaoneka ngakhale chilembo chimodzi.

Pali anthu amene chinthu chotere sichiwakhudza. Ine chimandikhala pamtima. Munthu wina anakhala pansi n'kuganiza kachida aka, wina anakaumba, winanso anatulutsa ndalama zake n'kukagula, n'kukagwira mpaka zogwirira zake zinasalala chifukwa cha chikhatho. Palibe amene amachita zonsezi popanda vuto lenileni limene likumusautsa pa ntchito. Ndinkafuna kudziwa vutolo. Ndinakajambula pa foni n'kufufuza pa intaneti, koma poti kanali kakuda bii, zithunzi zimene zinkabwera zinali zosakanikirana, za mapulayala, za zobowolera, zina za zida za madokotala. Ndinangokaika m'thumba la jekete kudikira Lamlungu.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi timakonda kukumana pakhomo pena ku Rosettenville, pamene pamaphikidwa nsima ya ufa woyera ndi usipa wobwera pa basi. Kachidako kanayenda dzanja ndi dzanja. Achimwene ena a ku Mangochi amene amasoka nsapato ku Mayfair anati n'kobowolera malamba. Anavula lamba wawo n'kuyesa, koma panangotsala kachizindikiro, osabowoka. Iwo eni anapukusa mutu n'kunena kuti chobowolera chikopa chimakhala ndi kapaipi kakuthwa kotulutsa kachidutswa, pamene aka n'kobuntha dala. Mnyamata wina amene anagwirapo ntchito pa famu ya ng'ombe anati n'koikira manambala m'makutu a ziweto, koma khutu la ng'ombe silingalowe m'kampata kaja. Mayi wina wosoka zovala anaganiza za mabatani achitsulo odina aja, kenako anaona kuti palibe pokhazika batani.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti palibe amene anakakamira mawu ake. Aliyense ankayerekeza ndi chida cha pa ntchito yake, n'kuyesa, n'kunena yekha chifukwa chimene sizikugwirizanira. Pomafika nthawi yosamba m'manja tinali titadziwa zinthu zenizeni: kachidako sikadula, sikabowola, kamagwira chinthu chopyapyala ndi cholimba, ndipo kamakankha pamalo aang'ono kwambiri, mtunda wochepa, wofanana nthawi zonse.

Amene anakhala nako nthawi yaitali anali bambo wina wa ku Dedza amene anafika kuno koyamba kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu opita ku migodi limene kale linkatchedwa Wenela. Achinyamata ambiri amene akukwera mabasi lero pa Wenela mu Blantyre sadziwa kuti pamalopo ndi pamene makolo athu ankadzera popita ku migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dziko lino. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Njira inatsegulidwanso mu 1977, ngakhale opita anali ochepa kusiyana ndi kale, mpaka inatsekekeratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza HIV. Bambo a ku Dedzawa anali a m'gulu lachiwirili.

Atamva kuti mwini bokosi ankagwira pa mgodi, anayang'ana mkuwawo n'kunena kuti mwina n'kopanira timitu tophulitsira miyala ku chingwe chake cha moto. Maganizo awo anali omveka. Zida zogwirira pafupi ndi zophulika amakonda kuzipanga ndi mkuwa kapena mtengo chifukwa sizithetheka moto. Anatiuzanso kuti iwo ntchito imeneyo ankangoionera pambali, poti malamulo a nthawi ya tsankho sankalola munthu wakuda kukhala ndi setifiketi yophulitsira miyala mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma atafinyafinya, anayandikitsa kumaso n'kunena kuti, “Ayi, aphwanga, si kameneka. Chopanira chija chimakhala ndi bowo lozungulira lokumbatira kamutuko, ndipo chogwirira chimodzi chimakhala chosongoka, chobayira m'phukusi la onga. Komanso taonani apa, chitsulo chikugunda chitsulo chinzake. Zimenezi pafupi ndi onga ndi imfa.”

Kenako ananena mawu amene anatembenuza nkhani yonse. Anati tisaiwale kuti munthuyo anali kalipentala, ndipo mgodi umadya mitengo kuposa mmene anthu a kunja amaganizira. Pansi paja denga la mwala limachirikizidwa ndi nsanamira komanso milu ya mitengo yosanjikiza mopingasa, osanena za makwerero, zitseko zowongolera mpweya ndi matabwa a m'shafuti. Zimenezi n'zoona kuyambira pachiyambi pa mzindawu. Pamene golide ankapezeka ku Langlaagte mu 1886, dera lino linali la udzu, mitengo inali yowerengeka. Cha m'ma 1890 anachita kubzala nkhalango yotchedwa Sachsenwald, kumene lero kuli Saxonwold ndi Zoo Lake, kuti apeze mitengo yochirikizira migodi. Ambiri a ife timasesa masamba m'mayadi a kumeneko osadziwa kuti deralo linayamba ngati munda wa mitengo ya mgodi. Ndiye bambo aja anati ndikafunse munthu wa matabwa, osati wa miyala. Mayi wa pakhomopo anakumbuka kuti kuli bambo wina wachikulire wa ku Zomba amene amalondera usiku ku Randburg, amene kale anali wocheka matabwa m'phiri.

Ndinawapeza masana m'kachipinda kawo ku Cosmo City atangodzuka. Titalonjerana n'kufunsana za kumudzi, ndinawapatsa kachidako ndi manja awiri. Sanathamangire kukafinya. Anayamba andifunsa kuti, “Mwana wanga, munakapeza pamodzi ndi chiyani?”

Bokosi lija ndinali nditalinyamula. Munali matupa angapo a makona atatu, aakulu ndi aang'ono, tupa mmodzi wathyathyathya wopanda chogwirira, kachidutswa ka choko, kamwala konolera, ndi timatabwa tiwiri tatitali tofanana, todzaza ndi mikwingwirima ya tupa m'mphepete. Anayala zonsezi pa bedi, n'kumwetulira. “Mwini bokosi ili ankanola masowo. Timatabwa iti n'topanira sowo pa vaisi kuti isanjenjemere. Choko n'cholembera pamene walekezera. Ndipo aka n'kopindira mano.” Anati anakaonapo ali mnyamata pa shopu ya ukalipentala ya pa mishoni ina, pamene mphunzitsi wawo ankakasunga m'kabati yokhoma.

Ndinawapempha kuti andifotokozere bwinobwino, chifukwa ine ndinkadziwa zoti sowo imanoledwa, koma zopinda mano ndinali ndisanaziganizirepo mozama. Anatenga sowo yakale imene amasungira kuseri kwa chitseko n'kundiuza kuti ndiiyang'ane chopenyera m'litali mwake, mano ali m'mwamba. Mano a sowo sali pamzere umodzi. Limodzi lapendekera kumanja, lotsatira kumanzere, choncho mpaka kumapeto. Akanakhala owongoka, mpata umene akucheka ukanafanana ndendende ndi kuchindikala kwa lata la sowoyo. Ikangolowa pang'ono, thabwa likanaipana mbali zonse ziwiri, utuchi ukanasowa potulukira, chitsulo chikanatentha, ndipo wocheka akanayamba kukankha ndi mphamvu mpaka sowo kupindika. Mano opendekera uku ndi uku amacheka mpata wokulirapo pang'ono kuposa lata. “Wosenza mtolo wa udzu amafuna njira yotambalala kuposa thupi lake,” anatero. “Mano amalambula njira, lata limangotsata.”

Vuto n'lakuti kupendekera kumeneku kumatha. Pocheka, mano amaperesedwa m'mbali, ndipo nthawi iliyonse imene wanola, nsonga zimafupika n'kubwerera cha pakati. Ukanola kangapo, sowo imakhala yakuthwa koma yomangokanirira m'thabwa, ndipo wosadziwa amaganiza kuti yatha ntchito. Pamenepo ndi pamene pamafunika kachida aka. Umalowetsa lata m'kampata kaja, n'kulunjikitsa dzino limodzi pa kagudumu. Ukafinya, kachitsulo koyamba kamagwira lata kuti lisasunthe, kachiwiri n'kukankha nsonga ya dzino mpaka itagona pa malo opendekera a kagudumuko. Sikangapitirire pamenepo, choncho dzino lililonse limapindika mofanana ndi linzake. Umalumpha dzino limodzi, n'kupinda lotsatira, mpaka kumapeto, kenako umatembenuza sowo n'kuchita otsala aja.

Manambala aja akunena za kuchuluka kwa mano pa inchi imodzi, imene ndi mamilimita 25.4. Sowo yong'ambira thabwa motsata mitsempha yake imakhala ndi mano akuluakulu, anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi pa inchi, ndipo amafunika kupindidwa kwambiri. Yodulira mopingasa imakhala ndi mano ocheperapo msinkhu, ndipo ya msana, yochekera majoini, ndiye imakhala ndi tating'onoting'ono. Poti kagudumu kanali kataima pa 8 ndipo pamenepo ndi pamene panali potha, bambowa anati mwini wake nthawi zambiri ankakonza masowo odulira mopingasa, a ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ndinachita chidwi kuti kunyezimira kwa pa kachitsulo kungatiuze ntchito imene munthu amene sitinamuonepo ankagwira kawirikawiri.

Koma anandichenjeza kuti ndisamvere manambala kwambiri. Amisiri ambiri amaika pa nambala yokwererapo kuposa ya sowo yawo kuti mano asapindike mopitirira. Ukapinda kwambiri, sowo imayendayenda mumpata, imataya thabwa lambiri ngati utuchi, imasiya pocheka pokhakhala, ndipo mkono umatopa pachabe. Mtengo wauwisi ndi wofewa, monga paini wongodulidwa kumene, umafuna mano opendekera kwambiri chifukwa ulusi wake umabwerera n'kupana lata. Wouma ndi wolimba, monga mlombwa, umene kuno amati kiaat, kapena mbawa, umafuna pang'ono pokha. Ndipo sapinda dzino lonse kuyambira patsinde, koma kunsonga kokha, gawo limodzi mwa atatu kapena theka. Dzino limene linapendekera kumanja liyenera kupitanso kumanja komweko. Ukalibweza mbali ina limathyoka.

Apa nkhani inawakoka n'kuwabweza ku phiri la Zomba, ndipo ine ndinangokhala chete. Anafotokoza mmene ankagubuduzira chipika pa thandala kapena pamwamba pa dzenje, n'kulemba mizere ndi chingwe chopaka makala. Mmodzi amaima pamwamba kutsata mzere ndi kukweza macheka, wina pansi kukoka, utuchi ukumuthira m'maso ndi m'mutu tsiku lonse. Macheka amacheka potsika pokha. Madzulo matabwa aja amawasenza pamutu kutsika nawo phiri, zimene aliyense amene anakwerapo msewu wopita pamwamba pa phirilo anazionapo. Anagwirakonso ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene boma linabzala poyembekezera fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, komanso ku Mulanje pa nthawi imene mkungudza unali usanathe m'phiri.

Kumeneko analibe kachida kamkuwa. Mano a macheka ndi aakulu kwambiri, sangakwane n'komwe mu aka. Iwo ankatenga kachitsulo kathyathyathya, n'kukacheka timipata m'mphepete, n'kumakola dzino limodzilimodzi n'kulipotoza ndi dzanja. Muyeso unali m'diso ndi m'dzanja. Akalakwitsa pang'ono, macheka ankathawa mzere, thabwa n'kutuluka lonenepa uku, lopyapyala uko, ndipo wogula ankadula mtengo. N'chifukwa chake pa gulu la ocheka, amene ankadziwa kunola ndi kupinda mano ankapatsidwa ulemu ngakhale akhale wochepa mphamvu. Anati kachida ka m'bokosika anakapangira munthu woti achite bwino ntchito imene iwo anaiphunzira kwa zaka.

Pamene ankalankhula ndinkayang'ana yunifolomu yawo ya ulonda itapachikidwa pa msomali, ndipo mumtima munandiwawa. Pa geti pamene amagwira ntchito palibe amene akudziwa kuti munthu amene amawatsegulira usiku angathe kuyang'ana sowo n'kunena mbali imene ithawire asanaiike pa thabwa. Vuto si la eni nyumba okha ayi. Ifenso Amalawi anzawo timawadziwa monga bambo a ku Randburg aja olondera, basi. Kuno tonse timatchulidwa ndi ganyu imene tapeza, wam'munda, wam'nyumba, wapageti, ndipo luso limene munthu anabwera nalo limakhala lobisika mpaka kukalowa nalo m'manda. Pakati pathu pali osula, oumba, osema mabwato, omanga nkhokwe, ofufuta zikopa. Sitiwafunsa kanthu chifukwa tinazolowera kuti yankho lili pa foni. Foni ikanandipatsa dzina la kachidako tsiku lina, koma sikanandigwira dzanja n'kundiuza kuti apa wafinya mopitirira.

Kuyeretsa tinachitira limodzi. Anandiletsa kugwiritsa ntchito sandipepa kapena bulashi ya waya ya pa makina, chifukwa zimafufuta zilembo ndi zizindikiro zomwe zija zimene zinatiuza mbiri yake. Tinakaviika m'palafini, n'kumatsuka pang'onopang'ono ndi mswachi wakale, kenako n'kudontheza mafuta opepuka m'malo oyenda. Litsiro litachoka panaoneka mawu akuti Eclipse No 77 ndi Made in England. Dzina la Eclipse ndi la kampani ya James Neill ya ku Sheffield, mzinda wa zitsulo wa ku England, imene inayamba mu 1889, ndipo amisiri ambiri amalidziwa chifukwa cha masowo ochekera zitsulo. Nditalemba mawu amenewa pa intaneti, zonse zimene bambo aja ananena zinatsimikizika. Kachidaka sikosowa ayi. Anapanga tambirimbiri kwa zaka zochuluka, ndipo munthu sangalemere pokagulitsa kwa osunga zinthu zakale. Kanakhala kachilendo kwa ife chifukwa ntchito yake inasiya kuoneka.

Chimene chinaithetsa ndi masowo amene adzaza m'mahadiweya masiku ano. Mukayang'ana mano ake muona kuti nsonga zake n'zakuda kapena zobiriwira ngati zapsa. Amawalimbitsa ndi moto wa magetsi ku fakitale kuti akhalitse asanabunthe, ndipo kunena zoona amacheka bwino akakhala atsopano. Koma akabuntha, kwatha. Tupa amangoterereka osaluma, ndipo ukayesa kupinda dzino limangothyoka. Sowo yotere imapangidwa kuti ikatha uitaye n'kugula ina. Kwa kontilakita wa kuno amene amawerengera nthawi, mwina zimenezo n'zopindulitsa. Koma ine ndimaganiza za akalipentala a kwathu, a pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, amene sowo imodzi ndi chuma. Ife tikamatumiza zida kumudzi timakonda zonyezimira za m'pepala, poopa kuti anganene kuti tawatumizira zotola. Potero timawatumizira chinthu cha miyezi yochepa, n'kugulitsa ku sikirapu sowo ya dzimbiri imene ikanatumikira munthu moyo wake wonse n'kusiyira mwana wake.

Kuyambira pamenepo ndimayang'ana masowo a m'magalaja ndi diso lina. Ndimaona ngati chogwirira chake n'chamtengo, chomangidwa ndi masikuluwu amkuwa. Pa sikuluwu yaikulu nthawi zambiri pamakhala dzina la opanga, monga Spear & Jackson ya ku Sheffield komweko kapena Disston ya ku Philadelphia. Ndimaipenya m'litali kuona ngati lata lili lowongoka, chifukwa kukhota pang'ono kumawongoleka koma kupindika kwa mwadzidzidzi n'kovuta. Dzimbiri la pamwamba si kanthu, loopsa ndi lija lodya timaenje pafupi ndi mano. Ndikakayikira ndimakhudza dzino limodzi ndi tupa. Akaluma, sowoyo ndi yamoyo.

Yoyamba imene tinakonza inali ya mano 8 pa inchi, yochokera m'nyumba ina ku Brixton. Bambo a ku Zomba anandiphunzitsa ndondomeko yake, ndipo anakana kuti ndidumphe chilichonse. Umayamba ndi tupa wathyathyathya uja, kumuyendetsa pamwamba pa mano onse mpaka dzino lililonse litaonetsa kadontho konyezimira kunsonga. Pamenepo wadziwa kuti onse afanana msinkhu, ndipo waonanso amene akufunika kuchotsedwa chitsulo chambiri. Kenako tupa wa makona atatu amalowa pakati pa mano kuwabwezera maonekedwe awo. Ukatero ndiye umapinda, n'kumalizira ndi kunola. Mano ong'ambira amanoledwa tupa atayang'ana molunjika, kuti dzino lililonse liseme, pamene odulira mopingasa amanoledwa tupa atapendekera, kuti nsonga zidule ulusi wa mtengo mbali zonse ziwiri. Tupa amadya popita pokha, pobwerera umamukweza.

Dzanja linatopa ndisanafike pakati, chifukwa sowo ya mainchi 26 yokhala ndi mano 8 pa inchi ili ndi mano opitirira 200, ndipo lililonse limafuna kuti uliyang'ane palokha. Apa ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya choko chija. Titamaliza, bambowa anapempha singano kwa mayi woyandikana nawo, anatembenuza sowo mano m'mwamba n'kuipendeketsa, n'kuika singanoyo mu kamgula ka pakati pa mizere iwiri ya mano. Inatsetsereka mpaka kunsonga osagwa. Anati sowo yodulira mopingasa ikanoledwa ndi kupindidwa bwino imatero, ndipo singano ikakodwa kapena kudumpha, pamenepo pali dzino lolakwika.

Mayeso enieni anali pa thabwa. Analemba mzere pa chidutswa cha paini n'kundiuza kuti ndicheke osakankha, kulemera kwa sowo kugwire ntchito. Inalowa mosavuta, utuchi ukutuluka wa mibulu, osati fumbi. Koma itafika cha pakati inayamba kukokera kumanzere pang'ono. Iwo sanadabwe. Anati zimenezo zikutanthauza kuti mano a kumanzere atuluka kuposa a kumanja, ndipo mankhwala ake si kupindanso a kumanja ayi. Anagoneka sowo pa tebulo mbali ya kumanzereyo ili m'mwamba, anatenga kamwala konolera ka m'bokosi lija, n'kukayendetsa kamodzi mopepuka m'mbali mwa mano kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga. Nditachekanso, inatsata mzere mpaka pansi.

Sowo imeneyo ndinaikulunga m'katoni n'kuikweza basi ya ku Blantyre, kupita kwa mphwanga amene akuphunzira ukalipentala, pamodzi ndi matupa awiri atsopano. Bambo a ku Zomba anamujambulira papepala kachitsulo ka timipata kaja, kukula kwake ndi kuya kwa timipatato, kuti akapangitse kwa owotcherera pa msika, poti kameneko angathe kupindira sowo ya pamanja ndi macheka omwe. Ka Eclipse katsala kuno chifukwa masowo ofuna kukonzedwa akutulukabe m'magalaja. Mnzanga uja tsopano akapeza sowo ya chogwirira chamtengo amaipatula yekha, ndipo Loweruka masana anyamata awiri a ku tchalitchi ayamba kubwera ku Cosmo City kudzaphunzira kunola, aliyense ndi tupa wake.